Dzanja la pa Mtsuko wa Ushangi

Shilda, 3 Malichi 1999

Mlamu wanga Eteri,

Moni kuchokera kwanu kuno. Sindikufunsa ngati uli bwino, kungakhale kukuseka. Ndine Lamara, ndikulembera pathebulo la m'khitchini mwako, ndi cholembera chako chomwe.

Mlongo wanga Ushangi tamuika Loweruka, pafupi ndi Mayi. Pa lamya paja sunandilole kumaliza, ndiye ndilembe. Anamupeza ndi Bondo wa nyumba yoyandikana nanu, masana, atakhala pansi m'munda wa mpesa, atatsamira mzati, lumo lodulira nthambi lili m'manja. Bondo akuti anamukuwira ali patali: "Iwe mlesi, mipesa idzidula yokha?" Atayandikira ndiye anaona. Adokotala akuti ndi mtima. Mzere umene ankadulirawo anausiya pakati.

Palibe amene wakunena kuti sunabwere kudzaika mwamuna wako. Aliyense akudziwa kuti ukangotuluka ku Girisi wopanda mapepala sudzalowanso, ndipo sukulu ya mwana wako Nato ku Tbilisi ingathere pomwepo. Kapena ndinene zoona: ananena ndi Tsiala wa pamudzi pano yekha, ndipo ndinamuyankha moti mpaka lero akundilambalala pachitsime.

Ndatseka nyumba yanga ku Telavi, ndikukhala kuno ndi Bambo Shalva. Maso awo aipiratu, ndipo maondo sakuwalola kutsika masitepe a ku nyumba ya vinyo. Pamaliro tinamaliza vinyo wakale yense. Watsala kvevri, mtsuko wamkulu wadongo uja wokwiriridwa pakona, wodzaza saperavi, vinyo wofiira wa chaka chathachi, akadali wotseka. Bambo akuti timutsegule pa mwambo wa masiku makumi anayi chimwalirireni Ushangi, poti ndi nyengo yakenso yomuchotsa pa masese.

Koma imva izi. Dzulo ndinapita kukathira madzi pa dongo lomata pakamwa pa mtsukowo, monga mwa nthawi zonse, kuti lisaume. Nditasesa mchenga wapamwamba ndinapeza dzanja. Chikhatho chonse chinadindika m'dongomo, mmene Ushangi anakanikizira potseka. Chala chimodzi chokha sichinatuluke chonse. Ndinakhala pansi, Eteri. Ndinaika langa pamenepo, linali lozizira. Bambo sindinawauze, angayambirenso kulira.

Tilembere. Wa basi ya ku Tesalonika akuti azidutsa kawirikawiri.

Mlamu wako,
Lamara


Tesalonika, 20 Malichi 1999

Alamu anga okondedwa,

Moni. Ndikuthokoza chifukwa cha Bambo, chifukwa cha Nato, ndi chifukwa cha Tsiala. Kodi Bambo akudya? Chifuwa chija chinawasiya?

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yathothoka m'mapindiro. Zaka zonse zimene ndinasunga laibulale ya pamudzi pathu ndinkaganiza kuti imfa ndikuidziwa, poti mabuku ambiri amathera pamenepo. Koma m'mabuku wina amakhalapo, amatseka maso a womwalirayo. Ine ndinali kuno, ndikusenda mbatata za munthu wina.

Mayi Fotini, gogo amene ndimamusamalayu, mutu unasokonekera. Chakudya chikapsa amandiuza kuti ndiike mbale ziwiri, ina ya amuna ake amene anamwalira kalekale. Kale ndinkaichotsa mwakabisira. Tsopano ndimaiika, ndi supuni yomwe. Amandiyang'ana n'kunena kuti, "Achedwa lero." Ndimayankha kuti, "Inde mayi, achedwa." Aliyense akunena za wake.

Alamu, ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo sindinakupempheni kanthu chikwatiwireni m'banja mwanu. Mtsukowo musautsegule. Nkhope yawo sindinaione, dothi sindinaponye. Malaya awo mugawa, fungo lawo litha m'nyumba. Chimene chatsala padziko chooneka ngati a Ushangi ndi dzanjalo. Ndikulidziwa dzanja limenelo, lokhakhala, lakuda m'mizere ndi madzi a mphesa mpaka pa Khirisimasi. Ndikufuna tsiku lina ndidzaike langa mmene munaika lanu. Pasakhudze munthu, chonde.

Bambo musawauze chifukwa chake. Ndi munthu wa munda, adzati mpongozi wawo mabuku amupengetsa. Ingonenani kuti Eteri wapempha.

Ndatumiza mankhwala a maondo ndi khofi kudzera kwa wa basi. Mundiuze ngati mipesa yayamba kulira. Nyengo ino, m'mene adulamo mumadontha madzi, ndipo a Ushangi ankati ikudandaula kuti aimeta moipa.

Ine wanu,
Eteri


Shilda, 14 Epulo 1999

Eteri,

Moni. Khofi wafika, mankhwala afika, kalata yako inafika kutatsala pang'ono kuti mwambo uchitike. Ndachita zimene unanena, koma usaganize kuti zinali zophweka.

Ndinawauza Bambo. Kenako anati, "Wakana?"

Ndinati, "Wapempha."

"Kupempha kwa mkazi wamasiye ndi lamulo. Vinyo ndi wa mwamuna wake. Kabwereke kwa Bondo."

Ndiye pa masiku makumi anayi a Ushangi, m'nyumba imene agogo athu anakwirira mitsuko Bambo asanabadwe, anthu anamwa vinyo wa kwa Bondo. Bondo mwiniwake anachita manyazi, ankathira chozemba ngati waba. Pothira vinyo pa buledi kukumbukira womwalirayo, Bambo anathira pang'ono n'kunena kuti, "Pepa mwana wanga, si wako." Anthu onse anamva. Akuganiza kuti watikwiyira, kuti ukuti sitinamusamale Ushangi. Ndawauza kuti ayi, koma poti chifukwa chenicheni unandiletsa, ndangokhala ngati wabodza.

Dzanja lilipo. Koma ndinaona kuti ndikathira madzi, chala chachikulu chikusungunuka pang'onopang'ono. Ndiye ndasiya kuthira. Mchenga sindinabwezere, ndangovundikira beseni lako lochapira. Bambo akandifunsa ngati ndanyowetsa dongo ndimati eya. Pa ukalamba wanga uno wandisandutsa wonama, mlamu iwe.

Kunabwera wa lole wina wogula vinyo m'midzi, anamva kuti kuno kuli saperavi wa Ushangi. Mtengo umene anatchula sungagule ndi mafuta a nyale omwe. Bambo anacheza naye pakhonde nthawi ndithu.

Mipesa inalira, yasiya, yaphukira. Mzere uja anamaliza Bondo. Umaoneka pamene dzanja linasinthira: Bondo amameta ngati wa kundende.

Pa Pasaka tinapita kumanda ndi mazira ofiira. Monga mwa mwambo wathu, ndinagubuduza limodzi pamanda pake m'dzina lako.

Lamara


Tesalonika, 9 Meyi 1999

Alamu,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule, Mayi Fotini adwala ndipo sakundilola kuchoka pambali pawo.

Mwati Bambo anacheza ndi wa lole nthawi ndithu, ndipo mwalekera pomwepo. Ine ndazungulira mawu amenewo ngati galu pakhomo lotseka. Ngati nyumba yasowa, nenani, nditumiza zonse zimene ndili nazo, ndidzagwiranso ntchito Lamulungu. Koma musagulitse. Ndikudziwa kuti vinyo wathu ndi wa anthu osauka, amagulidwa m'zigubu za pulasitiki m'mbali mwa msewu. Ndikudziwanso kuti amene sanabwere kumaliro mawu ake amapepuka. Komabe ndikunena: dzanja la a Ushangi lisaswedwe chifukwa cha wa lole.

Masiku ano ndikatsegula buku zilembo zimangoima, sizindiuza kanthu. Ndikatseka maso ndimaona beseni langa lija pakona, ndipo pansi pake wina watambasula chikhatho ngati akuti, dikira. Ndikudikira. Inunso dikirani nane.

Eteri


Shilda, 16 Juni 1999

Eteri,

Uli moyo? Chichokereni Epulo sitinamve kanthu. Wa basi uja akuti anasintha njira, ndiye sindikudziwa ngati wakhala chete ndiwe kapena msewu.

Ndikulemba chifukwa ndikuopa. Mipesa yachita maluwa, mudzi wonse ukununkhira, ndipo mtsuko wayamba kupuma. Usaseke. Lachiwiri masana, dzuwa lili pamutu, ndinalowa kukatenga anyezi. Ndinamva ngati munthu wogona akutulutsa mpweya m'mphuno. Fuuu. Kenako zii. Kenako fuuu. Ndinaitana, "Ndani?" ngati chitsiru. Nditavundukula beseni ndinapeza dongo lang'aluka. Mng'alu wadutsa pakati pa chikhatho, ndipo mpweyawo ukutulukira mmenemo, wonunkhira ngati malaya a Ushangi nthawi yokolola.

Ndinathamangira kwa Bondo. Iye anati, "Vinyo amatero mipesa ikachita maluwa, amakumbukira kwawo. Koma mayi inu, dongo louma chonchi? Mukufuna viniga wodyetsa chigawo chonse cha Kakheti?" Mkazi wake akuti si vinyo, ndi Ushangi, sakugona chifukwa iwe sunamutsanzike. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Koma anyezi ndikutuma Bondo.

Ndikathira madzi dzanja litha. Ndikapanda kuthira vinyo afa. Undiuze chochita.

Ndawonjezera madzulo ano, ndisanamate envelopu. Kalata yako ya Meyi yafika lero, yayenda mwezi ndi kuposa. Bambo anamva wa basi pachipata ndipo anati, "Werenga mokweza, usadumphe. Ndimamva ukadumpha." Ndinawerenga. Nditafika pa dzanja anandiimitsa.

"Dzanja lanji?"

Ndinaulula zonse, ndi za madzi zomwe. Anandigwira paphewa, tinatsika masitepe aja limodzi, koyamba chimwalirireni Ushangi. Anagwada, anapapasa dongolo. Kenako anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka china. Mawa akulembera okha. Ine ndingogwira cholembera.

Lamara


Shilda, 17 Juni 1999

Apongozi anga Eteri,

Ndine Shalva. Moni. Akulemba ndi Lamara, ndamuuza kuti asakometse.

Choyamba, wa lole. Ndinacheza naye chifukwa bambo ake ndinali nawo kunkhondo. Vinyo sindinamulonjeze ndi kapu yomwe. Munthu sagulitsa saperavi wa miyezi yochepa chonchi. Ameneyo ndi khanda, amaluma lilime. Ndi wotchipa, inde, koma amaposa vinyo wa mabwana pa chinthu chimodzi: amadziwa kukalamba. Vinyo woyera amamwedwa chaka chomwecho. Uyu ukamusunga bwino amadikira mwana akule.

Chachiwiri, ndinkaganiza kuti mwatikwiyira. Ndamva tsopano kuti munkasunga dzanja. Lamara analiona ndi maso, inu munaliona ndi mtima, ine wakhungu ndaliona ndi zala. Chala chimene akuti sichinatuluke chonse chatuluka chonse. Ndi chachifupi chifukwa mwala wovundikira mtsuko womwewo unachidula ndili mnyamata. Dzanjalo ndi langa. Mwana wanga Lamara salidziwa dzanja limene linamukwapula ubwana wake wonse.

(Ndalemba monga anenera. Manyazi ndili nawo. L.)

Tinatseka mtsukowo tsiku la Barbara Woyera, mu Disembala. Ushangi anakanda dongo, anaika mwala, kenako anayang'ana dzuwa n'kunena kuti, "Bambo, malizani, positi ofesi ya ku Kvareli itseka." Ndinati, "Ukusiya vinyo chifukwa cha lamya?" Anati, "Vinyo adikira. Eteri amupatsa mpata lero lokha." Anasamba m'manja, anavala chipewa chake chabwino chija ngati mukamuona, n'kupita. Ndinamata ndine, ndikunyinyirika.

Ndiye mwasunga dzanja la munthu wamoyo, amene akudya, akutsokomola ndi kusowetsa Lamara mtendere. Za Ushangi zili pansi pake. Anadulira yekha, anapopera yekha, anathyola, anaponda, anavundula makoko m'mawa ndi madzulo mpaka mapewa kutupa. Chaka chonse cha mwana wanga chili mumtsukomo, ndipo mpweya ukulowa. Kutentha kwa Julayi kukafika, sindilonjeza kanthu.

Sinditsegula popanda mawu anu. Ndinanena pamaso pa anthu kuti vinyo ndi wa mwamuna wanu, sindibweza. Koma fulumira, mwana wanga.

Shalva


Tesalonika, 4 Julayi 1999

Bambo,

Moni, ndipo ndagwada. Kalata yanu yafika dzulo. Lero m'mawa ndapempha mwana wa Mayi Fotini kuti andilole lamya, ndaimbira ku positi ofesi ya ku Kvareli. Mtsikana wa kumeneko walonjeza kutuma wa minibasi ndi mawu amodzi: tsegulani. Ndikhulupirira afika kalatayi isanafike.

Tsiku la Barbara Woyera ndikulikumbukira. Waya unkalira ngati mvula pamalata. Anandifunsa ngati kuno ndapeza nyemba zophikira buledi wa tsikulo, ndinati za kuno sizikoma, anaseka. Kenako anati, "Mdala ndamusiya akumata mtsuko, akunditukwana. Ndikabwerera ndikadya mbama ya dongo." Anandiuza okha, Bambo. Mawu amenewo ndinali nawo nthawi yonseyi. Ndawabwereza m'mutu kosawerengeka pofuna kumva liwu lawo, koma zimene ankanena sindinazimve. Linali tsiku lomaliza kuyankhulana nawo.

Ndinalira dzulo, sindibisa, ngati andilanda amuna anga kachiwiri. Koma m'mawa uno ndaona china. Dzanja lawo palibe pa dongopo chifukwa linali ku Kvareli, litagwira lamya, likuyankhula ndi ine. Ndinkafuna chimene anasiya. Sindinaganize za kumene anapita.

Pepani chifukwa cha vinyo wa kwa Bondo pa mwambo wa mwana wanu. Ngati wafa chifukwa cha ine, mundiuze osabisa. Ngati ali moyo, woyamba muthire pa buledi.

Mayi Fotini achira. Masana ano ndinaika mbale ziwiri, anayang'ana n'kunena kuti, "Chotsa imodzi, sabwera lero." Mawa adzaifunanso. Koma lero ndinachotsa.

Mwana wanu,
Eteri


Shilda, 11 Julayi 1999

Mlamu wanga,

Moni. Wa minibasi anaima pachipata Lolemba n'kukuwa, "Kwa a Shalva! Akuti tsegulani! Sindikudziwa chiyani, mwina chitseko!" Bambo anali atanyamuka kale pampando.

Tinatsegula m'mawa mwake kusanatenthe, ine, Bambo ndi Bondo. Ndinayesa kudula dongolo mozungulira kuti dzanja lituluke lathunthu. Bambo anati, "Ukusungiranji? Lenileni ndili nalo pano." Linafumbutuka lokha.

Bondo atasuntha mwala tonse tinabwerera m'mbuyo. Pamwamba panali kanthu koyera ngati nkhungu, ndipo fungo linali lowawasa. Bondo anayamba kutunga ndi chikho cha mtengo wautali chija, kutayira mu ndowa, kutunga, kutayira. Bambo ankanunkhiza chikho chilichonse n'kupukusa mutu. Ndinaganiza kuti titaya mpaka pansi. Kenako chikho china anachigwira nthawi yaitali. Anati, "Bweretsa buledi."

Ndi wakuda, Eteri. Ukamuika padzuwa suona kuseri. Bambo anathira pa buledi n'kunena kuti, "Uyu ndi wako, mwana wanga. Wachedwa, koma ndi wako." Kenako analawa, nkhope inakwinyika.

Bondo anafunsa, "Wafa?"

"Wafa ndiwe. Uyu ndi wamwano chabe, ngati mwini wake ali mnyamata. Akufuna zaka."

Ndinalawa nanenso. Amamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, koma kumbuyo kwake kuli china chimene sindingachitchule. Ndinatuluka panja kanthawi.

Wapamwamba uja tataya ndithu, akhala viniga, ndipo Tsiala ndimupatsako botolo. Wotsalayo tamusamutsira mu mtsuko wocheperapo wa pafupi ndi khomo, umene Bondo anautsuka mpaka anatulukamo ngati mbewa yonyowa. Wadzaza mpaka pakhosi, monga zimafunikira. Bambo anamata okha, anakanikiza chikhatho, n'kundiuza kuti, "Uzithira madzi. Dzanjali likatha usalembere munthu kalata." Ndikuthira. Kachala kakafupi kaja ndiko kayamba kutha.

Kupuma kuja kwaleka. Ndikuuze zoona, ndimalowa masana n'kuima, kumvetsera. Zii. Ndinkaopa, koma tsopano ndikukusowa.

Bambo akuti ndilembe izi osasintha. Mtsuko umenewu sutsegulidwa paukwati, pamaliro, kapena kwa wa lole. Udzatsegula ndiwe, Nato akamaliza sukulu, ukadzabwera wosabwereranso. Akuti usathamange, vinyo sapsa mtima ndi kudikira, ndipamene amakoma. Ndinawafunsa kuti, "Nanga inu, Bambo, mudzamwako?"

Anati, "Ndidzamwa. Kaya m'kapu, kaya pa buledi."

Mlamu wako,
Lamara